Amayi Anakhala pa Mphasa Mfuti Zikulira

Munthu amene anandilakwira ndi bambo anga ondibereka, a Lefutenanti Layisoni, ndipo sindizungulira ayi. Ankadziwa bwinobwino kuti diso lawo lakumanja lafooka, kuti n'chifukwa chake ankaphonya chandamale kulenji ya asilikali, koma analola kuti mlandu wa kuphonyako ugwere amayi. Pofuna mboni sanapite kutali. Anatenga pakamwa panga, ine mwana wa zaka khumi. Anthu kuno ku Matawale amati ndili ndi mtima wapachala, ndipo sindikana, koma mtimawo una pomwe unayambira. Mpaka lero ndikamva fungo la utsi wa nkhuni za paini m'mawa wozizira, m'chifuwa mumayamba kugunda ngati ndachedwa kwinakwake.

Tinkakhala mukampu ya asilikali, kumunsi kwa phiri la Zomba. Adadi anayambira pansi penipeni, anakhala sajeni zaka zambiri, kenako anakwezedwa kukhala ofesala, ndipo tinachoka kumalaini a asilikali wamba n'kulowa m'nyumba ya zipinda zitatu, ya simenti yofiira imene amayi ankaipaka polishi mpaka munthu kudziona nkhope. Kunja kwa geti azimayi ankavala nsalu za zipani, uyu yachikasu, uyu yabuluu, kukangana pamsika mpaka kutukwanana. Mkati mwa geti munali mtundu umodzi wokha, wobiriwira, ndipo munthu ankalankhula akafunsidwa. Chaka chimenecho chiperoni chinakhalitsa. Nkhungu inkatsika m'phiri ngati ikusaka munthu, kuphimba mitengo ya paini, kuphimba msewu wokwera kumtunda, kufika mpaka pachingwe chathu choyanikira zovala. Yunifolomu inkatha masiku awiri isanaume.

Sukulu titangotsekera, maofesala ang'onoang'ono anaikidwa pa kosi ya kuwombera. Mayeso anali atatu, ndipo kukhoza amodzi kunali kokwanira. Wokhoza ankayembekezera ukapiteni ndi kulembedwa pa mndandanda wa opita kunja kukasungitsa mtendere. Wolephera, malinga ndi mmene adadi ankanenera, ankakaikidwa kusitolo kuti aziwerenga mabulangete mpaka imvi. Lenjiyo sitinkaiona, inali kuseri kwa kachitunda, koma tinkaimva. Ikangokwana eyiti koloko mfuti zinkayamba, poyamba imodziimodzi, kenako zonse pamodzi ngati chimanga chokazinga, ndipo phiri linkabweza kulirako, moti chipolopolo chimodzi chinkamveka kawiri. Agalu ankalowa pansi pa thandala. Mchemwali wanga wamng'ono, Esime, ankatseka makutu ndi zala n'kumayimba.

Amayi anga, a Esinati, sanali munthu wokhala pansi. Kusanache ankakhala atakwera kale msewu wa kuphiri kukaoda sitiroberi ndi magalagadeya kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, n'kutsika nazo kukagulitsa kwa ophunzira ku Chirunga. Akabwerako, zala zawo zinkanunkhira zipatso ndi utomoni wa paini. Kosi itayamba, ntchito yawo inawonjezeka. Adadi ankabwera masana kutsogolo konse kuli katondo, chifukwa ankawombera atagona chafufumimba. Zigongono zinasupuka, ndipo amayi anadula bulangete lakale n'kusokera tizidutswa mkati mwa manja a malaya. Phewa lakumanja linada bii ndi kugunda kwa mfuti, ndipo madzulo aliwonse amayi ankalithowa ndi kansalu ka madzi otentha, adadi akununkha mafuta a mfuti ndi thukuta. Tiyi anasiya kumwa, ati amanjenjemeretsa manja. M'nyumba munaletsedwa wayilesi.

Mfuti sinkaloledwa kubwera kunyumba, ndiye adadi ankayeserera ndi mpini wa khasu. Ankagona pa simenti pabalaza, mpini uli paphewa, n'kundituma kuti ndijambule kadontho ndi khala pakhoma. Ankapuma, kugwira mpweya, kukoka chala pang'onopang'ono pa mpini wopanda kanthu. Tsiku loyamba kadonthoko kanali ngati nyemba. Tsiku lachitatu anati ndikakulitse. Pofika Loweruka kanali ngati dzira la nkhuku, ndipo ankandikalipirabe kuti ndikujambula mosaoneka. Ankandifunsanso nthawi, wotchi ili pakhoma patsogolo pawo. Lamulungu tikuchokera kutchalitchi ankandiuza kuti ndiwerenge zikwangwani za m'tauni, ati aone ngati kusukulu tikuphunzira. Ine ndinkawerenga monyada. Ndinkaganiza kuti akundiyesa nzeru.

Amayi anaona msanga. Tsiku lina akuthowa phewa lija ndinawamva akunena motsitsa mawu kuti mwina ndi bwino kukayezetsa maso, kuti magalasi si matenda. Adadi anachotsa dzanja la amayi paphewa. Anati iwo anachokera kumalaini, ndipo maofesala anzawo, ana a sukulu aja, akungodikira kuti apunthwe. Anati anyamata amene iwo ankawaphunzitsa kugwira mfuti sangawaone atavala magalasi ngati kalaliki. Anati nkhani imeneyo isatulukenso pakamwa pa munthu m'nyumba muno. Mayeso oyamba anachitika Lachinayi la mlungu womwewo, ndipo adadi analephera.

Ndi pamene anabwera azakhali, a Dorofe, achemwali awo aakulu a adadi, kuchokera kumudzi kufupi ndi dambo la Chilwa. Anafika ndi nkhuku m'manja ndi kathumba ka mpunga pamutu, ndipo asanavule n'komwe nsapato anali atapeza kale chifukwa. Agogo anga aamuna anali mlenje wa mfuti ya gogodera, ndipo azakhali anakulira m'nyumba imene mwamuna akapita kutchire ndi mfuti, mkazi ankadika. Anati mfuti ndi mfuti basi, kaya ya boma kaya ya m'mudzi, imamvera zimene mkazi akuchita kunyumba. Anaika malamulo ake. Mfuti zikayamba kulira, amayi azikhala pa mphasa atatambalala miyendo, osapinda. Chitseko chizikhala chotsekula. Osasesa, osasinja, osathira mchere m'ndiwo, osalankhula ndi mwamuna aliyense ngakhale wogulitsa makala. Mfuti zikaleka, adzuke.

Amayi anayang'ana adadi. Ndikukumbukira bwino, chifukwa ndinali pakhomo ndikusenda nzimbe. Adadi anali munthu wowerenga mabuku a nkhondo m'Chingerezi, munthu woseka anzawo omanga zithumwa m'chiuno. Mawu amodzi okha akanakwana. Koma anangoti achemwali ndi aakulu, palibe choipa kuyesa.

Milungu iwiri amayi anakhala pa mphasa imeneyo. Ndisaname, chinthu chimene chimandiwawa kwambiri si tsiku limene anachoka ayi, ndi milungu iwiriyo. Mphepo ya chiperoni inkalowa pa chitseko chotsekula chija n'kuwaomba m'miyendo. Munthu wozolowera kukwera phiri ndi dengu pamutu anakhala ngati wodwala, maso ali kumsewu, zala zikusolola timizere ta mphasa mpaka m'mphepete monse munayamba kumasuka. Zala za kumapazi zinkangogwedezeka zokha. Mfuti zikalira zonse pamodzi, mapewa awo ankadumpha. Zikadukiza pang'ono ankayamba kudzuka, ndiye azakhali, ali pampando ndi kapu ya tiyi, ankangokhosomola, ndipo amayi ankakhalanso. Makasitomala awo a ku Chirunga anapeza wina wowagulitsa. Ndiwo ankathira mchere ndi Esime, mwana wa zaka zisanu, tsiku lina wochuluka, tsiku lina wosamveka. Ine ndinkangozungulira nyumba, kulowa, kutuluka, kugenda mapapaya osapsa, osadziwa choti ndichite ndi thupi langa. Azimayi a nyumba zoyandikana anayamba kudutsa pang'onopang'ono pakhomo pathu, kusuzumira.

Ndipo adadi ankabwerabe nkhope ili yakugwa. Azakhali anayamba kulankhula mokuluwika pa chakudya, kuti mkazi akhoza kukhala pa mphasa thupi lokha, mtima uli kwina. Anafunsa kuti anyamata a zipatso kuphiri kuja ndi a misinkhu yanji. Anafunsa kuti ophunzira a ku Chirunga amalipira ndi ndalama zokha kodi. Amayi ankangogawa ndiwo. Adadi ankangotafuna.

Koma amayi pa mphasa paja sankangokhala. Ankayang'ana. Pakhoma panali kalendala ya kutchalitchi, ndipo anaona kuti m'mawa uliwonse adadi akafuna kuona tsiku, ankayenda mpaka pamng'alu wina wa simenti, n'kuima pomwepo, diso lakumanzere atalitsinzina pang'ono. Tsiku lina azakhali ali kubafa, amayi anatenga chingwe cha saka, anayeza kuchokera pakhoma kufika pamng'alupo, n'kudula. Kenako anandiuza kuti ndibwerere m'mbuyo mpaka pamene manambala asiye kuoneka. Ndinatuluka pabalaza, ndinadutsa pakhonde, ndinakaima pa maluwa. Anayeza chingwe chachiwiri. Anazikulunga zonse ziwiri n'kuzimanga pa mfundo ya chitenje.

Mayeso achiwiri anagweranso Lachinayi, tsiku limene azakhali ankapita kumapemphero a azimayi. Ananyamuka atawasiya amayi pa mphasa, mfuti zitayamba kale. Atangokhota pakona, amayi anadzuka. Anasiya Esime kwa aneba, anatseka chitseko, anandigwira dzanja, ndipo tinatuluka pageti tikuyenda ngati tikuthawa mvula. Dzanja lawo linali lozizira koma lonyowa. Tinadutsa pamlatho, tinadutsa mashopu a amwenye, ndipo ngakhale m'tauni kulira kwa mfuti kunkatipeza, kochepa, ngati munthu akukhoma misomali kutali.

Kuseri kwa sitolo ina ya mankhwala, pafupi ndi msika, kunali kachipinda ka bambo wina woyeza maso, wamfupi, wa kachipewa koyera, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. Amayi anamasula mfundo ija, anayala zingwe ziwiri patebulo, n'kufotokoza kuti chachifupi ndi cha amuna awo, chachitali ndi cha mwanayu, ndiye akufuna magalasi oti chachifupicho chifanane ndi chinzake. Bamboyo anayang'ana zingwezo nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mayi, nsapato mutha kumugulira munthu ndi chingwe. Diso ayi. Diso limabwera lokha ndi mwini wake."

Koma sanawanyoze. Anati zaka zonse zimene wagwira ntchitoyo sanaonepo munthu woganiza chotero, ndipo zingwezo zikunena zoona, mwamunayo akufunika magalasi. Anati ngati ndi wamanyazi abwere Loweruka, adzalowere khomo lakuseri, palibe adzamuone. Ndipo kuti amayi akathe kufotokoza kuti kuyezako sikuwawa komanso sikuchedwa, anawakhazika pampando, anatenga chimango cholemera chachitsulo chija amaikamo magalasi oyesera, n'kuwaveka. Anachikonza pamphuno, anachikonza kuseri kwa makutu, anawatembenuza chibwano kuti ayang'ane zilembo pakhoma. Amayi ankaoneka ngati kadzidzi. Ndinaseka, iwonso anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerere azakhali.

Titafika kunyumba tinapeza azakhali atakhala pakhonde, ambulera ili pamiyendo. Mapemphero anathera panjira chifukwa cha mvula yowaza. Anayang'ana chitseko chotseka, anayang'ana matope a kunsapato za amayi. Mfuti zinali zitaleka. Adadi anafika cha m'ma thili koloko, ndipo mmene anaponyera chipewa pampando tonse tinadziwa kuti alepheranso.

Bwalo linakhala pabalaza pomwepo, dzuwa lisanalowe, adadi asanavule n'komwe majombo. Azakhali anayala mlandu wonse, kuti mkazi watseka chitseko mwamuna ali pamfuti, wapita kosadziwika, wabwerako akumwetulira. Amayi sanabise. Ananena kumene anapita ndi chimene anapitira, anatulutsa zingwe zija n'kuziika pa tebulo. Kwa kanthawi azakhali anaoneka osokonezeka. Sanali munthu woipa mtima chotero ayi, ankakhulupiriradi zimene ankanena. Anatembenukira kwa adadi.

"Achimwene, kodi maso anu akuvuta?"

Ndinali nditaima pakhomo la kukhitchini. Ndinaona adadi akuyang'ana zingwezo. Ndinaona dontho langa la khala pakhoma kumbuyo kwawo, lalikulu ngati dzira.

"Maso anga alibe vuto," anatero.

Kenako anandiitana. Sanali azakhali, anali iwo. Anandiimika pakati pa miyendo yawo, anandigwira mapewa mofatsa, mmene sankachitira kawirikawiri, n'kundikumbutsa kuti mwana wa msilikali sanama. Anandifunsa ngati m'chipindamo munali anthu ena. Ndinati munalibe. Anandifunsa ngati mwamunayo anawagwira amayi. Ine ndinkafuna kuthandiza. Ndinkaganiza kuti ndikafotokoza zonse bwinobwino aona kuti kuyezako sikuwawa. Ndinati eya, anawagwira kumaso, ndi kuseri kwa makutu, ndi pachibwano, ndipo amayi anaseka. Ndinkati ndipitirize za chimango chija, koma adadi anati basi, zakwana, pita panja.

Amayi sanakuwe, sanalire pamaso pathu. Tsiku lotsatira anachapa zovala zonse za m'nyumba, anasita mayunifolomu onse, anapaka polishi simenti. Loweruka m'mawa, tsiku limene adadi akanalowera khomo lakuseri lija, amayi anatuluka pageti ndi sutukesi pamutu, Esime ali kumbuyo ngakhale anali wamkulu kale woti n'kuyenda. Ine adadi anati nditsale, mwana wamwamuna akulire kwa bambo wake. Amayi anandisisita kumutu n'kundiuza kuti ndizivala juzi. Za zimene ndinanena sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Nkhungu inali itatsika kwambiri moti anazimiririka asanafike n'komwe pamtengo wa bulugamu wa pakona. Mukampu monse nkhani inali itafala kale, kuti mkazi wa a Lefutenanti anagwidwa ndi mwamuna kuseri kwa msika, ndipo anaulula ndi mwana wake yemwe.

Mlungu wotsatira adadi anapempha tsiku limodzi n'kupita ku Blantyre, ati kukaona mnzawo wodwala. Mayeso achitatu anakhoza, ndipo anakhoza bwino. Azakhali anapha nkhuku ija, anavina pakhonde, n'kumauza aliyense wodutsa kuti mwaona, minyama yatuluka m'nyumba. Popeza amayi kunalibe, yunifolomu ndinkachapa ndine. Ndikupisa m'matumba ndisanaviike, m'thumba la pantchafu ndinapeza kabokosi kakuda, kolimba, kotsekeka ndi kaphokoso. Ndinakatsekula, munali magalasi a maso. Ndinakatsekanso, ndinakabwezera momwemo, ndipo buluku limenelo ndinaliviika m'madzi ndi kabokosi komweko. Adadi atapeza sanandimenye. Sanandifunse n'komwe. Tinangoyang'anana, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'nyumbamo tinkakhala ngati anthu awiri odikira basi pasiteji.

Sukulu itatsekulidwa ndinayamba ndewu. Aliyense wotchula amayi, ngakhale mongofunsa, ndinkamugwera. Ndinapirira mpaka Fomu 1, pamene mnyamata wina, mwana wa a Meja, ananena mawu aja amanenera akazi oyendayenda, ndipo ndinamuthyola dzino ndi mpando. Sindinadikire kuti andichotse. Ndinatuluka pageti la sukulu, ndinayenda wapansi mpaka ku Matawale, kumene amayi ankachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa chigayo. Ndinanyamula matabwa kuchokera kuphiri zaka zitatu, mpaka pakhosi panauma ngati chikopa. Kenako ndinaphunzira kupala, ndipo lero ndili ndi kashedi kanga ka mipando. Amayi anabwerera ku zipatso zawo. Akukwerabe phiri, koma mawondo ayamba kukana. Sanakwatiwenso.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti amayi anachoka chifukwa cha pakamwa panga. Ndinkabwereza mawu aja m'mutu, kuwasintha, kuyamba ndi chimango, kusiya za kuseka, kuona ngati akanatsala. Ndinkadana ndi azakhali, ndinkadana ndi wa kachipewa koyera uja, koma kwambiri ndinkadana ndi ine. Zinanditengera zaka kuti ndione kuti munthu amene anandifunsa mafunso aja ankadziwa kale mayankho, ndipo ankadziwanso pamene ayenera kundidula. Anali ndi zinthu ziwiri patebulo, mkazi wake ndi manyazi ake, ndipo anasankha chimene sakanatha kukhala popanda icho. Ine ndinangokhala chida chimene chinali pafupi.

Chaka chathachi adadi anabwera kushedi kwanga. Anapuma ntchito, ananenepa, mkazi wachiwiri anawasiya. Anaima pakati pa utuchi ndi nsapato zawo zopolishidwa, anayamikira mipando, anafunsa mitengo ya matabwa. Ndinawapatsa benchi, chifukwa amayi anandilera. Kenako anati masiku ano akupemphera kwambiri, ndipo abusa awo akuti munthu asamasunge zinthu mumtima. Anati popeza ine ndi amene ndimaonana nawo amayi tsiku ndi tsiku, ndikawauze kuti zakale zija iwo anaziiwala, anawakhululukira.

Ndinali ndi hamala m'manja. Ndinaiika pansi pang'onopang'ono, chifukwa ndimadzidziwa. Anyamata anga awiri a ntchito anasiya kupala. Ndinaima pafupi kuti andione bwino, ndipo mawu sanatuluke mokuwa mmene ndinkaganizira zaka zonsezi.

"Adadi, munthu amakhululukira amene anamulakwira. Amayi anakulakwirani chiyani? Lofooka linali diso lanu, bodza linali lanu, ine munangondibwereka pakamwa. Nyumba yawo ndi iyo, kuseri kwa chigayo, simungasochere. Mukatenge azakhali, mupite nonse, mukanene zimene munakagula ku Blantyre, ndipo mukanene mokweza kuti aneba amve. Ine musadzanditumenso."